Lamulo la Ohm Lisathere pa Bolodi

Anzanga aphunzitsi, ndi inu nonse amene munakhalapo pa desiki kutsogolo kwanga zaka zapitazi, lero ndikufuna tikambirane za masamu a magetsi. Ndikunena masamu aja a voltage, current, resistance ndi power, amene ana amawaphunzira chaka ndi chaka, n'kuwalemba pa mayeso a MSCE, kenaka n'kuwavula pamodzi ndi yunifolomu tsiku lomaliza sukulu. Maganizo anga ndi akuti pa mitu yonse ya Physics, mutu umenewu ndiwo uyenera kupita ndi mwana kunyumba. Mwana amene wakhoza funso la lamulo la Ohm papepala, koma sangathe kuuza amayi ake ngati ketulo ndi simbi zingalumikizidwe pa soketi imodzi, ameneyo wakhoza mayeso koma phunzirolo silinamulowe.

Tiyambe takumbutsana, poti ena mwa inu makope munawasiya kalekale. Voltage ndi kukankha kumene kumayendetsa magetsi mu waya, ndipo timaiyeza mu ma volt. Current ndi kuchuluka kwa magetsi amene akudutsa pamalo pa sekondi iliyonse, ndipo timaiyeza mu ma amp. Resistance ndi m'mene chinthu chikukanizira magetsiwo kudutsa, mu ma ohm. Power ndi liwiro limene chipangizo chikudyera mphamvu, mu ma watt. Zinayi zimenezi zimamangidwa ndi timizere tiwiri tokha:

V = I × R
P = V × I

Ukadziwa ziwiri, zinazo uzipeza. Babu la galimoto likakhala pa batire la ma volt 12 n'kumakoka ma amp 2, resistance yake ndi 12 kugawa ndi 2, amene ndi ma ohm 6, ndipo power yake ndi 12 kuchulukitsa ndi 2, amene ndi ma watt 24. Ukaphatikiza timizere tiwirito umapezanso kuti P = I × I × R, komanso kuti P = V × V ÷ R. Nkhani yonse ndi imeneyi. Palibe chimene mwana wa Fomu 3 angalephere.

Vuto limayambira pa kachithunzi kaja ka ngodya zitatu, kokhala ndi V pamwamba, I ndi R pansi. Mwana amauzidwa kuti aphimbe ndi chala chilembo chimene akufuna, zotsalazo zimuuza chochita. Kachithunzika kamathandiza tsiku la mayeso, sindikana. Koma kamaphunzitsa chala, mutu n'kutsala. Tamupatsani mwana wozolowera njira imeneyi funso lakuti kababu kali pa ma volt 3 ndipo current ndi ma milliamp 20, apeze resistance. Ambiri agawa 3 ndi 20, n'kulemba 0.15, n'kudula mzere kunsi kwake mokhutira. Yankho loona ndi ma ohm 150, chifukwa ma milliamp 20 ndi 0.02 ya amp imodzi. Mayankho awiriwa akusiyana ka 1,000, koma mwanayo sadzidzimuka konse, popeza sanagwirepo chinthu cha ma ohm 150 ngakhale cha 0.15. Sadziwa kuti 0.15 ndi resistance ya waya wa kopa wa mamita ochepa chabe, woti utalumikizidwa ku mabatire a tochi, mabatirewo angatenthe n'kutha pa kanthawi kochepa. Nambala imene ilibe chinthu kumbuyo kwake sichedwa kulakwika, ndiponso sichedwa kuiwalika.

Chonsecho zinthu zophunzitsira zili paliponse. Tembenuzani ketulo ya magetsi muone kunsi kwake. Mupeza palembedwa voltage ndi power. Magetsi a ESCOM amafika m'nyumba zathu pa ma volt 230. Ngati ketuloyo ndi ya ma watt 2,000, current yake ndi 2,000 kugawa ndi 230, amene ndi ma amp 8.7. Resistance ya chitsulo chotenthetsa madzi chija ndi 230 kugawa ndi 8.7, amene ndi ma ohm pafupifupi 26. Simbi ya ma watt 1,000 imakoka ma amp 4.3. Hotipuleti ya ma watt 1,500 imakoka ma amp 6.5. Masamu ake ndi omwe aja a pa bolodi, koma tsopano manambalawa ali ndi nkhope, mwana amawaona kukhitchini m'mawa uliwonse.

Tsono taonani chimene manambalawa akutiuza. Mapulagi athu a mano atatu, amene tinatengera ku Britain, amakhala ndi fyuzi m'kati. Fyuzi yaikulu kwambiri ya mu pulagi yotere ndi ya ma amp 13. Tikachulukitsa 13 ndi 230 tipeza ma watt 2,990. Ndiye kuti extension ina iliyonse, kaya ili ndi mabowo anayi kaya asanu ndi limodzi, malire ake ndi ma watt pafupifupi 3,000, chifukwa magetsi onse akudzera pa pulagi imodzi. Munthu akalumikizapo ketulo, simbi ndi hotipuleti zija nthawi imodzi, pamodzi zikwana ma watt 4,500. Gawani ndi 230, mupeza ma amp 19.6. Fyuzi ikhoza kupsa, ndipo ikatero yagwira ntchito imene inapangidwira. Koma tonse tikudziwa zimene zimachitika kenaka. Wina amatenga kawaya, kapena kapepala konyezimira ka m'paketi ya ndudu, n'kukulunga pamene panali fyuzi. Magetsi abwerera, anthu n'kumutama kuti mnyamatayu ndi wanzeru.

Mnyamata ameneyo akadakhala kuti P = I × I × R inamulowa, dzanja lake likadanjenjemera. Kutentha kwa waya sikukwera mofanana ndi current ayi. Current ikawirikiza kawiri, kutentha kumawirikiza kanayi. Ikawirikiza katatu, kutentha kumawirikiza ka 9. Izi anazipeza James Prescott Joule wa ku England kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1840. Choncho waya wopangidwira ma amp 13 akanyamula ma amp 19.6, current yakwera ndi theka lokha, koma kutentha kwaposa kawiri. Nanga ma extension otchipa aja a pamsika, amene ukawasenda umapeza timawaya towonda ngati tsitsi? Amenewo ngakhale ma amp 13 omwewo sawakwanitsa. Pulasitiki imayamba kufewa, kenaka kununkha, ndipo ngati waya wadutsa kunsi kwa mphasa kapena kuseri kwa katani, moto wabuka. Nyumba kapena okala ikapsa timangomva kuti wayambitsa ndi magetsi, ngati kuti magetsiwo anachita kudzuka ndi mkwiyo. Kawirikawiri nkhani imakhala ya ma amp ambiri mu waya wochepa.

Palinso soketi ija imene imada n'kusungunuka chonsecho palumikizidwa chipangizo chimodzi chokha. Chimachitika n'chiyani? Sikuluu ikakhwepa, kapena pulagi ikamagwedera m'mabowo, pamalo pokhudzanapo pamabadwa resistance. Tingoyerekeza kuti ndi theka la ohm. Kanambala kochepa, koti pa mayeso mwana angakanyoze. Koma ikanipo ketulo ija ya ma amp 8.7. Chulukitsani 8.7 ndi 8.7, kenaka ndi 0.5, mupeza ma watt pafupifupi 38. Ma watt 38 onsewo akutentha pa kamalo kochepa ngati njere ya chimanga, m'kati mwa pulasitiki. Kutentha kumeneko n'kofanana ndi kwa kachitsulo kaja kamene okonza mawailesi amasungunulira mtovu. Wophunzira amene wawerengerapo zimenezi akamva soketi ikufunda, sanena kuti ndi m'mene imachitira. Amazimitsa n'kuitana wodziwa ntchito.

Apa pali funso limene ndimafuna mphunzitsi aliyense azifunsa kalasi yake, chifukwa limasiyanitsa woloweza ndi womvetsa. Kodi chimatentha kwambiri ndi chiti, chinthu cha resistance yaikulu kapena cha resistance yaing'ono? Woyang'ana P = I × I × R ayankha kuti cha yaikulu. Woyang'ana P = V × V ÷ R ayankha kuti cha yaing'ono. Onse awiri ali ndi mzere wolondola m'manja, nanga akutsutsana bwanji? Yankho lagona pa chimene sichikusintha. M'nyumba, chipangizo chilichonse chimalandira ma volt 230 omwewo, choncho cha resistance yaing'ono ndicho chimakoka current yambiri n'kudya power yambiri. N'chifukwa chake ketulo ya ma ohm 26 imadya ma watt 2,000, pamene babu lakale lija, la ma ohm pafupifupi 880 likayaka, limadya ma watt 60 okha. Koma zinthu zikalumikizana mondondozana, current yofanana n'kumadutsa monsemo, kutentha kumachuluka pamene pali resistance yaikulu. N'chifukwa chake chingwe cha ketulo chimakhala chozizira pamene chitsulo cha m'kati chikuwiritsa madzi. Kachithunzi ka ngodya zitatu sikangayankhe funso limeneli. Pafunika mutu.

Tibwere ku ndalama, poti ndi kumene anthu amatchera khutu. Mayunitsi amene timagula n'kulowetsa mu mita si matsenga. Yuniti imodzi ndi ma watt 1,000 ogwiritsidwa ntchito kwa ola limodzi. Babu lakale la ma watt 60 likamayaka maola asanu tsiku lililonse, pa masiku 30 limadya mayunitsi 9. Babu la LED la ma watt 9, limene kuwala kwake n'kofananako, limadya mayunitsi 1.35 pa nthawi yomweyo. Nyumba ya mababu asanu ndiye kuti ikusankha pakati pa mayunitsi 45 ndi mayunitsi osakwana 7 pa mwezi. Ketulo ija ya ma watt 2,000 imaoneka yoopsa, koma ikawiritsa madzi mphindi zisanu ndi imodzi yadya 0.2 ya yuniti basi. Hotipuleti ya ma watt 1,500 ikamayaka mosalekeza maola atatu pophika nyemba zosaviika, yadya mayunitsi 4.5, okwanira kuyatsa babu la LED lija maola 500. M'mabanja ambiri ana amakalipiridwa chifukwa chosiya babu loyaka, pamene mayunitsi akuthera pa mphika wa nyemba. Mwana wa Fomu 4 akhoza kuthetsa mkangano umenewu ndi pensulo ndi chikutiro cha kope.

Wina anena kuti zonsezi ndi za ana a m'tauni, popeza ana ambiri amene timawaphunzitsa kwawo kulibe magetsi a ESCOM. Mfundoyi ili ndi mbali yoona. Kalembera wa 2018 anapeza kuti mabanja pafupifupi 11 okha pa 100 alionse ndiwo ankaunikira ndi magetsi, ndipo oposa theka ankadalira mabatire ndi matochi. Koma kumudzi ndi kumene masamu amenewa akufunika koposa, chifukwa kumeneko munthu amakhala ESCOM ya iye mwini. Amagula yekha sola, batire ndi mawaya, n'kulumikiza yekha, popanda womuyezera. Ndipo pa ma volt 12 masamu ake sakhululuka. Zipangizo za ma watt 120 pa ma volt 230 zimakoka theka la amp. Zipangizo za ma watt 120 omwewo pa batire la ma volt 12 zimakoka ma amp 10, kuchuluka pafupifupi ka 20.

Tiyeni tiwerengere. Waya wa kopa wa 1 mm², mita iliyonse imakhala ndi resistance ya pafupifupi 0.017 ya ohm. Batire likakhala mamita 10 kuchoka pamene pali zipangizo, magetsi amayenda mamita 20, kupita ndi kubwerera. Resistance ya wayayo ndi 0.34. Pa ma amp 10, lamulo la Ohm likutiuza kuti ma volt 3.4 atayika panjira, ndipo ma watt 34 angotenthetsa waya. Pa ma volt 12 aja, ofika kuchipangizo ndi osakwana 9. TV iyamba kuzimazima, mwini wake n'kumatukwana wogulitsa kuti anamupatsa batire lakufa. Akadagula waya wa 4 mm², zotayikazo zikadatsika kanayi, voltage yotayika osakwana volt imodzi. Kapena akadangosendeza batire pafupi. Chimodzimodzinso batire lolembedwa 12 V, 100 Ah. Chulukitsani manambala awiriwo, mupeza kuti limasunga mphamvu yokwana ma watt 1,200 kwa ola limodzi. Popeza batire la asidi silifuna kukamidwa kupitirira theka, zogwiritsa ntchito ndi 600, ndiye kuti TV ya ma watt 60 iyenda maola 10. Amene sawerengera amalikama mpaka kuuma usiku uliwonse, pakatha miyezi yochepa batire latha ntchito. Ndalama za fodya kapena za soya za chaka chonse zapita.

Masamu omwewa ndiwo amayendetsa magetsi a dziko lonse. Magetsi athu ambiri amapangidwa pa mtsinje wa Shire, ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira, ndipo kuyambira 2017 ntchito yopangayo ili m'manja mwa EGENCO pamene ESCOM imawanyamula ndi kuwagawa. Kuti afike ku Lilongwe kapena ku Mzuzu amayenda makilomita mazanamazana mu waya amene ali ndi resistance yake. Mwana akafunsa chifukwa chimene mawaya a pa zitsulo zitalizitali zija amanyamulira ma volt 132,000 pamene m'nyumba timangofuna 230, yankho lili mu timizere tiwiri tija. Pofuna kutumiza power yofanana, ukakweza voltage current imatsika. Kuchoka pa ma volt 11,000 kufika pa 132,000 ndi kukweza ka 12, choncho current itsika ka 12, ndipo mphamvu yotayika ngati kutentha itsika ka 144. Thiransifoma imene ili pa mtengo pafupi ndi sukulu ntchito yake ndi kutsitsanso voltage imeneyi. Mwana wakumudzi amene batire lake lili mamita 10 kuchoka pa TV, ndi injiniya amene akutumiza magetsi kuchokera ku Nkula, akulimbana ndi vuto limodzi.

Ndipo pali nkhani ya moyo weniweni. Thupi la munthu nalo lili ndi resistance. Khungu louma likhoza kufika ma ohm 100,000, koma likanyowa limatsika mpaka cha m'ma 1,000. Gawani 230 ndi 100,000, mupeza ma milliamp awiri ndi pang'ono, ongokunjenjemeretsa. Gawani 230 ndi 1,000, mupeza ma milliamp 230, okwanira kusokoneza kagundidwe ka mtima. Zipangizo zodula magetsi pofuna kuteteza munthu zimakonzedwa kuti zizidula pa ma milliamp 30 okha. Tsono onani ichi: ma milliamp 230 ndi 0.23 ya amp, ndipo fyuzi ya ma amp 13 siingamve n'komwe kuti current yotereyi ikudutsa mwa munthu. Fyuzi imateteza waya, siteteza munthu wogwira waya. N'chifukwa chake dzino lachitatu lija la pulagi, lopita ku nthaka, si lokongoletsa. Mtsikana amene akuchokera kochapa n'kukagwira soketi yosweka ndi manja onyowa ayenera kuti anawerengerapo masamu amenewa ali ku sukulu.

Kwa inu anzanga aphunzitsi, ndiwonjezere kuti kuphunzitsa ndi zinthu zenizeni kumatikakamiza kunena malire a lamuloli, ndipo zimenezi n'zabwino. Tengani babu lakale la ma watt 60 muliyeze ndi multimeter lisanayake. Simupeza ma ohm 880 aja. Mupeza nambala yochepa kuposa kakhumi, chifukwa resistance ya kawaya ka m'kati imakwera kakatentha. Apa mwana amamvetsa chifukwa chimene buku limanenera kuti lamulo la Ohm limagwira ntchito kutentha kukakhala kosasintha, ndiponso chifukwa chimene mababu amenewa ankakonda kupsa nthawi yoyatsa, pamene kawaya kali kozizira n'kukoka current yambiri. Tiwauzenso kuti P = V × I imayenda bwinobwino pa batire ndi pa zipangizo zotenthetsa monga ketulo ndi simbi, koma pa zinthu za mota monga firiji ndi chigayo pali zina zowonjezera, ndipo poyamba kuzungulira mota imakoka current yoposa ya nthawi zonse. Mwana sasokonezeka ndi choonadi chotere. Amasokonezeka akapeza yekha kuti zimene anauzidwa sizikugwirizana ndi zimene akuona.

Mwina mudziwa kale kuti mwini lamuloli anali mnzathu pa ntchito ya choko. Georg Simon Ohm anabadwa mu 1789 ku Erlangen, m'dziko la Germany, ndipo bambo ake anali mmisiri wa maloko. Pamene ankachita kafukufuku wake anali mphunzitsi wa masamu ndi Physics pa sukulu ya sekondale ku Cologne. Ankayeza mawaya otalika mosiyanasiyana ndi onenepa mosiyanasiyana, n'kumalemba m'mene current ikusinthira. Mabatire a nthawi imeneyo mphamvu yake inkasinthasintha, choncho anagwiritsa ntchito zitsulo ziwiri zosiyana zolumikizana, mbali ina m'madzi owira, mbali ina mu ayezi, kuti apeze voltage yokhazikika. Buku lake linatuluka mu 1827 ndipo akatswiri a kwawo sanalilandire bwino. Ulemu unabwera mochedwa: bungwe la Royal Society la ku London linamupatsa mendulo ya Copley mu 1841, ndipo mpando wa upulofesa wa Physics ku Munich anaupeza mu 1852, kutatsala zaka ziwiri kuti amwalire. Chimene ndikufuna tione apa n'chakuti lamuloli linachokera m'manja mwa munthu woyeza mawaya. Kuyeza kunayamba, mzere wa masamu unabwera pambuyo. M'makalasi ambiri lero mzere ndiwo umayamba, ndipo waya safika n'komwe.

Ndikudziwa zimene ena mwa inu mukuganiza. Silabasi ndi yaitali, nthawi ndi yochepa, kalasi ili ndi ana 80 kapena kuposa, ndipo sukulu zambiri za CDSS zilibe labotale. Makolo ndi akuluakulu amayang'ana zotsatira za MANEB, sayang'ana ngati mwana akudziwa kusankha fyuzi. Zonsezi n'zoona, ndipo sindikupeputsa katundu amene mphunzitsi wa sayansi wasenza. Koma chimene ndikupempha sichikufuna mutu watsopano ngakhale chipinda chatsopano. Funso limene timalemba pa bolodi lakuti chipangizo X chili ndi ma volt akutiakuti likhoza kukhala la ketulo, la tochi, la chaja ya foni yolembedwa 5 V, 2 A. Nthawi yake ndi yomweyo, masamu ake ndi omwewo. Ndipo mwana amene amadziwa kuti ketulo imakoka ma amp 8 kapena 9 sangalembe ma amp 870 pa mayeso osabwerera kukaona pamene waphonya. Kumvetsa sikulimbana ndi kukhoza mayeso, kumathandizira.

Ndiye ndikupempha zinthu zitatu. Choyamba, tiyeni tiwatume ana akakopere zolembedwa pa zipangizo, kunyumba, kwa aneba, kumalo otchajira mafoni, ku chigayo, n'kubwera nazo m'kalasi. Manambala amenewo ndiwo akhale mafunso a sabata imeneyo. Ketulo yakufa, pulagi yopsa ndi fyuzi yoduka ndi zipangizo zophunzitsira zimene sizifuna bajeti. Chachiwiri, mwana aliyense agwireko multimeter asanamalize Fomu 4. Imodzi yokha ikhoza kuzungulira kalasi yonse. Mabatire awiri a tochi, kababu, waya, ndi mzere wokhuthala wa pensulo papepala n'zokwanira kuonetsa kuti resistance imakula ndi kutalika. Zoyesera zonse zikhale za mabatire. Magetsi a pa soketi tiziwawerengera papepala basi, asawagwire mwana. Chachitatu, yankho lililonse lizitsatiridwa ndi funso lakuti, kodi nambala imeneyi ikumveka? Ndi yofanana ndi ya chinthu chiti chimene ukuchidziwa? Mwana amene wazolowera kudzifunsa funso limeneli wapeza chida chimene adzachigwiritse ntchito ngakhale pa ngongole ya kubanki.

Kwa inu amene munachoka kale pa sukulu, ena ndinu anamwino, ena oyendetsa minibasi, ena muli ndi mashopu, ena muli ku Johannesburg, ena mukulima kumudzi. Sindikukufunsani ngati mukukumbukira tanthauzo la resistance monga linalembedwera m'buku. Ndikukupemphani kuti madzulo ano muyang'ane extension imene ili kuseri kwa TV kapena kukhitchini, muphatikize ma watt a zonse zimene zalumikizidwapo, mugawe ndi 230. Yankho likaposa 13, chotsanipo china. Tsegulani pulagi, mutaizula pa soketi, muone ngati muli fyuzi kapena kawaya kamene wina anakulungamo. Ngati muli ndi sola, yezani kutalika kwa waya ndipo muone kunenepa kwake. Akuluakulu anati safunsa anadya phula, ndipo pa nkhani ya magetsi wofunsidwayo ndi pensulo. Mukatero muitane mwana wanu kapena mphwanu amene ali ku sekondale, mumupatse pensuloyo awerengere yekha, inu mukuona.